Ukonde Pabala: Mbiri ya Katsekedwe ka Mimba Pambuyo pa Opaleshoni Yadzidzidzi

Ntchito ya dokotala wotsegula mimba ya munthu ili pawiri: kulowa n'kukonza chomwe chavuta, kenaka kutseka pomwe analowera. Kwa zaka zambiri ulemu wonse unkapita ku gawo loyambalo. Dokotala wamkulu akadula thumbo lowola n'kulumikiza labwino, ankavula magolovesi n'kusiyira wophunzira wake ntchito yosoka, ngati kuti chotsalacho n'chongomalizitsa. Wodwala akatsitsimuka, n'kuyamba kumwa phala, n'kutulutsidwa, m'kaundula ankalembamo kuti wachira. Komatu khungu limapola msanga kuposa zomwe zili pansi pake. Pakati pa mimba, kuchokera pansi pa chifuwa kudutsa pamchombo, pali mzere wa nembanemba yoyera, yolimba, yomwe imamanga pamodzi minofu ya kumanja ndi ya kumanzere, ndipo mpeni umadutsa pamenepo pakafunika kulowa mwachangu. Nembanembayi ikalephera kugwirana, pakapita miyezi kapena zaka chipsera chimayamba kutukumuka. Munthu akatsokomola kapena akanyamula katundu chotupacho chimatuluka, akagona chagada chimabwerera, chifukwa chomwe chikukankha khungu ndi matumbo. Imeneyi ndiyo heniya ya pachipsera. Funso lomwe madokotala akukangana lero ndi lakuti: kodi n'koyenera kuikiratu ukonde wa pulasitiki, womwe iwo amati meshi, pabala la munthu wochitidwa opaleshoni yadzidzidzi heniyayo isanabwere? Mbiri ya ntchitoyi ikusonyeza kuti lamulo lakale loletsa zimenezi linali ndi zifukwa zomveka m'nthawi yake, koma zifukwazo zinamangidwa pa zipangizo ndi njira zomwe zinasiyidwa kalekale, ndipo nthawi yoliyesanso lamuloli inakwana.

Heniya ya pachipsera ndi matenda omwe anabadwa ndi kupambana kwa opaleshoni. Pamene Ephraim McDowell anatsegula mimba ya Jane Todd Crawford ku Danville, Kentucky, mu 1809, n'kuchotsa chotupa cha makilogalamu pafupifupi 10 popanda mankhwala ogonetsa, anthu anaona ngati chozizwitsa kuti mayiyo anapulumuka n'kukhalanso zaka zoposa 30. Nthawi imeneyo kutsegula mimba kunali ngati kumuperekeza munthu kumanda, choncho panalibe opulumuka okwanira oti zipsera zawo n'kudetsa nkhawa aliyense. Zinthu zinasintha mankhwala ogonetsa a ether atasonyezedwa ku Boston mu 1846, ndiponso Joseph Lister atalemba mu 1867, ali ku Glasgow, za njira yophera tizilombo pabala. Pofika 1881 Theodor Billroth ku Vienna anali atadula chigawo cha chifu cha wodwala khansa n'kulumikiza chotsalacho ndi matumbo. Anthu anayamba kupulumuka ambiri, ndipo ambiri mwa opulumukawo anayamba kubwerera kuchipatala atagwirizira mimba ndi manja kapena ataimanga ndi nsalu. Ulusi wa nthawiyo sunkathandiza. Wopangidwa kuchokera ku matumbo a nkhosa unkasungunuka m'milungu yochepa, pamene nembanemba imafuna miyezi kuti ilimbe ndipo sibwereranso pa mphamvu yake yoyamba. Wa silika unkakhalitsa, koma unkasunga tizilombo, bala n'kumangotuluka mafinya mpaka mfundo ya ulusiwo itachotsedwa.

Yankho loyamba linali kusoka mwaluso. Edoardo Bassini wa ku Padua, m'zaka za m'ma 1880, anasonyeza kuti heniya ya m'mphechepeche ikhoza kuchira ndithu ngati dokotala amanganso khoma lake mosanjikiza bwino, ndipo njira yake inalamulira kwa zaka pafupifupi 100. William Mayo mu 1901 anafotokoza njira yotsekera heniya ya pamchombo popinda nembanemba ina pamwamba pa inzake. Njirazi zinkayenda bwino bowo likakhala laling'ono. Likakhala lalikulu, dokotala ankakoka mbali ziwiri zomwe zinali zitathawana kale n'kuzimanga mokakamiza, ndipo aliyense amene anasokapo thumba lakutha la chimanga akudziwa chomwe chimachitika: ulusi suduka ayi, koma umang'amba nsalu pambali pa msoko, bowo latsopano n'kukula kuposa lakale. Pakufunika chigamba. Billroth mwiniwake amakumbukiridwa kuti anaona zimenezi, kuti chinsinsi chochizira heniya chidzapezeka tsiku lomwe anthu adzathe kupanga chinthu cholimba ngati nembanemba ya thupi. Zaka 70 zotsatira zinathera pofunafuna chinthu chimenecho, ndipo mantha omwe alipo lero anachokera m'zaka zimenezi.

Oyamba anayesa siliva. Mu 1900 Oskar Witzel ndi Robert Goepel ku Germany anaika timawaya ta siliva tolukana pa makoma a mimba, Willard Bartlett anachita zomwezo ku St Louis mu 1903, ndipo Lawrie McGavin ku London ankaika tiwiri tosanjikiza. Siliva anasankhidwa chifukwa ankadziwika kuti amapha tizilombo. Koma mimba si khoma la nyumba. Imakwera ndi kutsika pa mpweya uliwonse, imapindika munthu akawerama, ndipo waya wopindidwa tsiku ndi tsiku amathyoka. Zidutswa zake zinkabaya wodwala mkati, zina n'kutulukira pakhungu, zina n'kuboola matumbo. Ena anataya mtima ndi zitsulo n'kubwerera ku thupi la wodwala lomwe: William Gallie ndi Arthur LeMesurier ku Toronto, cha m'ma 1921, ankasenda timizere ta nembanemba ya pantchafu n'kumasokera ngati ulusi wamoyo. Izi zinkasiya bala lachiwiri, ndipo pantchafu sipangachoke chigamba chokwanira mimba yonse. M'zaka za m'ma 1940 kunabwera ukonde wa chitsulo cha tantalum, womwe Amos Koontz wa ku Baltimore anaulimbikitsa kwambiri. Poyamba zotsatira zinkaoneka zabwino, koma patapita zaka nawonso unkaphwanyika m'tizidutswa, ndipo kuuchotsa pabala lomwe lagwidwa ndi tizilombo inali ntchito yozunza dokotala ndi wodwala yemwe. Mibadwo iwiri ya madokotala inaona zimenezi ndi maso awo, ndipo inaphunzitsa ophunzira awo kuti chinthu chachilendo sichiikidwa pamalo pomwe padutsa mafinya kapena za m'matumbo. Sanalakwe. Ndi zipangizo zomwe anali nazo, chimenecho chinali chiphunzitso chopulumutsa moyo.

Chinasintha zinthu ndi kampani ya mafuta. Akatswiri a Phillips Petroleum ku Oklahoma anapanga mtundu wa pulasitiki womwe anautcha Marlex, womwe poyamba unasowa msika mpaka opanga zoseweretsa za ana atayamba kuugula popanga mikombero yozunguza m'chiuno ya Hula Hoop. Francis Usher, dokotala wa ku Houston, anaona kuti ungalukidwe kukhala ukonde, ndipo mu 1958 anayamba kulemba za zomwe anapeza pa nyama ndi pa anthu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 anasinthira ku polypropylene, chifukwa umapirira nthunzi yotentha ya makina ophera tizilombo ndipo ukadulidwa ndi sizasi sumasuka m'mbali. Ukondewu umapindika popanda kuthyoka, ndipo thupi limameretsa minofu yatsopano kudutsa m'mabowo ake mpaka chigamba ndi khoma zikhala chimodzi. Chinanso chinadzamveka bwino pambuyo pake. Tizilombo ndi tating'ono kwambiri kuposa maselo oyera a m'magazi omwe amatisaka. Ukonde wolukidwa ndi ulusi wa nkhosi zambiri, kapena wa mabowo ang'onoang'ono, uli ndi timipata tomwe tizilombo timalowamo koma maselo oyera sakwanamo, ndipo ukagwidwa ndi matenda palibe kuchitira mwina koma kuuchotsa. Wa nkhosi imodzi ndi mabowo aakulu ulibe pobisalira potero, ndipo nthawi zambiri bala lake limachira ndi kutsuka komanso mankhwala, ukonde uli pompo. Mawu akuti chinthu chachilendo anasiya kutanthauza chinthu chimodzi.

Komabe polypropylene naye anapatsa madokotala chifukwa china choopera, ndipo apa m'pofunika kuchedwapo chifukwa ndi pomwe pali muzu wa mkangano wa lero. Pa nkhondo ya ku Vietnam, madokotala a asilikali a America anagwiritsa ntchito Marlex wa polypropylene kutseka mimba zomwe khoma lake linang'ambika ndi zipolopolo ndipo linali ndi mafinya, ndipo zipatala za anthu wamba zinatengera. Anthu omwe akanafa anapulumuka. Koma mu 1981 madokotala a ku Louisville, motsogozedwa ndi Randle Voyles, atalondola odwala otere kwa nthawi yotalikirapo, anafotokoza za ukonde wokwinyika womwe unkaboola khungu, mabala osapola, ndi matumbo obooka omwe ankatulutsira za mkati pamimba. Nkhaniyi inalimbitsa lamulo lakale lija. Koma tikaonetsetsa, ukonde wa odwala amenewo unkaikidwa m'malo mwa khoma lomwe panalibe, utagona pamatumbo penipeni, kawirikawiri wopanda khungu lophimba. Zimene akukambirana lero n'zina: khoma lasokedwa lonse, latsekeka, ndipo ukonde ukungolichirikiza uli kutali ndi matumbo. Jean Rives ku Reims ndi René Stoppa ku Amiens ndi omwe anasonyeza, m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, kuti malo oika ukonde ndi ofunika mofanana ndi chomwe ukondewo wapangidwira. Ukaikidwa kuseri kwa minofu ikuluikulu ya pamimba, pomwe magazi amayenda bwino, umatetezeka ku khungu ndi ku matumbo komwe, ndipo mphamvu ya mimba yokankhira kunja imaukanikizira pakhoma m'malo mouchotsa. Kuweruza njira imeneyi ndi mavuto a njira ya ku Louisville n'kuweruza mlandu wina ndi umboni wa mlandu wina.

Maganizo oti n'kwabwino kupewa heniyayi kusiyana n'kudikira kuikonza anakula madokotala atayamba kuwerengera moona mtima zotsatira za kukonzako. Mu 2000 gulu la ku Rotterdam, lotsogozedwa ndi Roland Luijendijk, linafalitsa kafukufuku wa odwala pafupifupi 200 omwe anagawidwa mwa maere, ena kusokedwa ndi ulusi wokha, ena kuikidwa ukonde. Patatha zaka 3, heniya inali itabwerera mwa anthu 43 pa 100 alionse a ulusi wokha ndi 24 pa 100 a ukonde. Atawalondolanso mpaka zaka 10, ziwerengero zinafika pa 63 ndi 32. Ambiri anawerenga izi ngati kupambana kwa ukonde, ndipo n'zoona, koma chiwerengero cha 32 chikunenanso china chowawa: heniya ya pachipsera ikangobadwa, ngakhale itakonzedwa ndi njira yabwino, munthu mmodzi mwa atatu imamubwerera, ndipo opaleshoni iliyonse yotsatira imapeza khoma lofooka kuposa yapitayo. Mpata wabwino koposa wolimbitsa khoma la mimba ndi tsiku loyamba lija, minofu isanathawane.

Singano nayo ili ndi mbiri yake, ndipo woteteza ukonde aliyense ayenera kuivomereza. Mu 1976 Terence Jenkins wa ku Guildford anawerengera kuti mimba ikatupa pambuyo pa opaleshoni bala limatalika, choncho ulusi wosokera uyenera kukhala wotalika kanayi kuyerekeza ndi bala kuti usang'ambe nembanemba. Leif Israelsson ku Sundsvall, Sweden, anatha zaka akuyeza ulusi wotsala pa opaleshoni iliyonse, ndipo anapeza chomwe chinatsutsana ndi zomwe mabuku ankaphunzitsa: misoko ing'onoing'ono yoyandikana imagwira bwino kuposa ikuluikulu yotalikirana, chifukwa ikuluikulu imafinya mafuta ndi minofu zomwe zimafa n'kusiya ulusi uli lende. Kafukufuku wa STITCH wa ku Netherlands, wofalitsidwa mu 2015 pa odwala 560, anatsimikizira: kubaya mamilimita 5 kuchokera m'mphepete ndi kutaya mamilimita 5 pakati pa misoko kunatsitsa heniya kuchoka pa 21 kufika pa 13 pa 100 alionse m'chaka chimodzi. Njirayi imangofuna singano yaing'ono ndi mphindi zochepa zowonjezera. Koma 13 pa 100 m'chaka choyamba chokha, mwa odwala okonzekeretsedwa bwino, si chiwerengero choti n'kupumirapo.

Kuikiratu ukonde kunayamba ndi kulephera. Mu 1998 madokotala a ku Liège, Belgium, anayesa ukonde wosungunuka pa anthu onenepa kwambiri, ndipo sunathandize, chifukwa unkatha nthawi yomwe nembanemba inkaufunabe. Atayesa wosasungunuka, nkhani inasintha. Pa odwala omwe mtsempha wawo waukulu wa magazi wa m'mimba unafufuma, omwe minofu yawo yolumikiza thupi imakhala yofooka mwachibadwa, kafukufuku wa PRIMAAT wa ku Belgium mu 2016 anapeza heniya mwa 28 pa 100 a ulusi wokha patatha zaka 2, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe mwa a ukonde. Kafukufuku wa PRIMA mu 2017, wa odwala 480 ku Netherlands, Germany ndi Austria, anapeza 30 pa 100 kwa ulusi wokha, 13 kwa ukonde woikidwa pamwamba pa nembanemba, ndi 18 kwa woikidwa kuseri kwa minofu. Matenda a pabala sanachuluke, ngakhale ukonde wapamwamba unkasonkhanitsa madzi pansi pa khungu kawirikawiri. Onsewa anali odwala a opaleshoni yokonzekera, pamimba yaukhondo. Wodwala wadzidzidzi anasiyidwa panja, chifukwa cha lamulo lomwe lija.

Chomvetsa chisoni n'chakuti wosiyidwayo ndi amene ali pachiopsezo chachikulu. Amafika usiku matumbo atapotana kapena atabooka, atatha masiku osadya, magazi ali ndi tizilombo, thupi lilibe chomangira minofu yatsopano. Potseka, matumbo amakhala atatupa ndi madzi moti dokotala amawakankhira mkati ndi chikhatho kwinaku akukoka ulusi. Pambuyo pake wodwala amatsokomola, amasanza, mimba imafufuma, ndipo chilichonse mwa izi chimakoka msoko. Anamwino a m'mawodi a opaleshoni amachidziwa chizindikiro chomwe chimabwera cha kumapeto kwa sabata yoyamba: bandeji imanyowa mwadzidzidzi ndi madzi ofiirira pang'ono, ochuluka, osanunkha, ndipo akachotsa ulusi umodzi wa pakhungu amaona thumbo likusuzumira. Khoma laphulika. Ena mwa odwala otere amamwalira, ndipo opulumuka ambiri amadzakhala ndi heniya. Ngakhale kwa omwe bala lawo silinaphulike, makafukufuku omwe analondola odwala adzidzidzi kwa zaka zingapo akhala akupeza heniya mwa munthu mmodzi pa anayi kapena pa atatu.

Umboni wina woyambirira wotsutsa lamuloli unachokera ku Barcelona mu 2014, komwe Núria Argudo ndi anzake anaunika mafayilo a odwala adzidzidzi 266 n'kupeza heniya mwa 33 pa 100 a ulusi wokha ndi 6 pa 100 a ukonde, ngakhale ena mwa iwo anali ndi mafinya m'mimba. Umboni wa m'mafayilo uli ndi chofooka chake, chifukwa dokotala ndiye ankasankha woti amuike ukonde. Makafukufuku a maere anatsatira. Ku São Paulo, mu 2020, odwala adzidzidzi omwe anali pachiopsezo chachikulu anagawidwa pawiri: khoma linaphulika mwa pafupifupi 13 pa 100 a ulusi wokha, ndipo silinaphulike mwa wina aliyense wa ukonde, ngakhale a ukonde anali ndi mavuto ambiri a pakhungu monga madzi osonkhana ndi mabala ochedwa kupola. Ku Italy, kafukufuku wa PROMETHEUS mu 2021 anatenga odwala 200, n'kuika ukonde kuseri kwa minofu mwa theka la iwo. Patatha zaka 2, heniya inapezeka mwa 21 a ulusi wokha ndi 6 a ukonde. Palinso phunziro la ku Bern, Switzerland, lomwe siliyenera kubisidwa. Kumeneko anayesa chigamba chopangidwa ndi chikopa cha nkhumba, chodula kwambiri, chomwe ambiri ankakhulupirira kuti ndicho choyenera pamalo a tizilombo, n'kuchiika mkati mwa mimba. Kafukufukuyo anaimitsidwa msanga chifukwa odwala oikidwa chigambacho ankadwala kwambiri pabala. Zomwe siliva ndi tantalum zinaphunzitsa zinabwerezedwa: funso loti ukonde inde kapena ayi lilibe tanthauzo tisananene kuti ukonde wanji, woikidwa pati.

Otsutsa ali ndi mfundo yolemera, ndipo ikuchokera m'ziwerengero zomwezi. Ngati mwa anthu 100 osaikidwa ukonde 21 ndi omwe amadwala heniya, ndiye kuti 79 akanasenza pulasitiki moyo wawo wonse popanda phindu lililonse, kuti 15 apulumuke. Ndipo pulasitikiyo si yopanda mlandu. Kaundula wa dziko la Denmark, wofalitsidwa mu 2016 pa odwala oposa 3,000 okonzedwa heniya ya pachipsera, anasonyeza kuti m'zaka 5 anthu pafupifupi 5 pa 100 anafunika chithandizo china chifukwa cha mavuto obwera ndi ukonde, ndipo izi zinadya gawo lina la phindu lake. Anthu akukumbukiranso za ukonde woikidwa kudzera kumaliseche kwa amayi otsika chiberekero, womwe unasiya ambiri ndi ululu wosatha mpaka England anaimitsa maopaleshoni otere mu 2018 ndipo America inaletsa kugulitsa kwake mu 2019. Amayi aja anadandaula kwa zaka asanamvedwe, ndipo manyazi amenewo ndi a ntchito yonse ya udokotala. Walira mvula walira matope. Amene akufuna phindu la ukonde asakane kuti uli ndi mtengo wake pathupi. Koma mfundoyi ikutsutsa kuika ukonde mwa aliyense, osati kuuika mwa osankhidwa. Chiopsezo cha heniya sichofanana kwa onse. Wonenepa kwambiri, wosuta fodya, wa chifuwa chokhalitsa, wokalamba, wosowa zakudya m'thupi, wotsegulidwa kachiwiri pa chipsera chomwecho, amenewa ndi omwe chiwerengero chawo chimakwera, ndipo chikakwera, omwe angasenze ukonde pachabe amachepa. Mnyamata wathanzi wobayidwa ndi mpeni, yemwe matumbo ake sanatupe, ulusi wosokedwa bwino umukwanira. Ndiyeneranso kunena kuti kusaika ukonde si kupewa ukonde: wodwala heniya adzauikidwabe pambuyo pake, waukulu kuposa, pa opaleshoni yovuta kuposa.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti mwina ukonde ukungobisa kusoka kolakwika, kapena ukungochedwetsa heniya. Mbali yoyamba ili ndi choonadi: makafukufuku angapo akale anayerekeza ukonde ndi misoko ikuluikulu ya kale, choncho kusiyana kungachepe pomwe onse asokedwa njira yatsopano. N'chifukwa chake malangizo a European Hernia Society a 2015, omwe anakonzedwanso mu 2022 pamodzi ndi American Hernia Society, amaika misoko ing'onoing'ono patsogolo, ndipo ukonde amautchula ngati choganizira kwa odwala a chiopsezo chachikulu. Dongosolo limeneli n'loyenera. Koma msoko, ngakhale wabwino chotani, umadalira nembanemba yomwe wagwira, ndipo nembanemba ya munthu wodwala mafinya m'mimba imafewa m'masiku oyambirira. Apa ndi pomwe ulusi wokha umafika pamalire ake. Za kuchedwetsa, odwala a kafukufuku wa PRIMAAT aja atalondoledwa mpaka zaka 5, heniya inapitiriza kuchuluka mwa a ulusi wokha pamene a ukonde anakhalabe otetezeka. Pali malire ena omwe sayenera kudumphidwa: wodwala yemwe mimba yake iyenera kudzatsegulidwanso pakapita masiku awiri, kapena yemwe akulimbana ndi imfa patebulo moti mphindi iliyonse yogonetsedwa ikumuwononga, si woti n'kumuchedwetsa ndi ukonde.

Nkhaniyi ikukhudza Malawi mwachindunji kuposa momwe ingaonekere. M'zipatala za ku Ulaya mimba zambiri zimatsegulidwa mokonzekera, ndipo zochuluka tsopano amazichita ndi timabowo ting'onoting'ono ndi kamera. Kwathu kuno gawo lalikulu ndi ladzidzidzi: kupotana kwa matumbo komwe madokotala a ku Kamuzu Central Hospital amakumana nako kawirikawiri, matumbo obooka ndi taifodi omwe Queen Elizabeth Central Hospital inawaona akuchuluka matendawa atabuka ku Blantyre, ngozi za pamsewu, ndi chiberekero chong'ambika pobereka. M'zipatala za m'maboma ntchito yambiri yotere ili m'manja mwa ma clinical officer. Wodwalayo nthawi zambiri ndi mlimi, mayi wosenza madzi ndi nkhuni, kapena wakabaza, yemwe chuma chake ndi msana ndi mimba yake. Heniya kwa iye ndi kusiya khasu, ndipo mwayi wopezanso malo ku fiyeta pa vuto lomwe silikupha lero ndi wochepa. Mtengo wa ukonde ndi chopinga chenicheni, koma mbiri yasonyeza kuti si chosagonjetseka. Ku India, Brahma Reddy ndi Ravindranath Tongaonkar anayamba kukonza heniya ya m'mphechepeche ndi neti wamba yoteteza udzudzu yophikidwa m'makina ophera tizilombo, ndipo bungwe la Operation Hernia linatengera njirayi ku Ghana ndi kwina. Mu 2016 Jenny Löfgren ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa maere wa amuna 302 kum'mawa kwa Uganda, ndipo ukonde wa pafupifupi dola imodzi unagwira ntchito mofanana ndi wa madola 125. Apa pakufunika kusamala kawiri. Netiyo inali ya mtundu woyezedwa, yopanda mankhwala ophera udzudzu. Maneti omwe amagawidwa kusikelo ndi onyikidwa m'mankhwala ndipo sangalowe m'thupi la munthu. Ndipo umboni wa ku Uganda ndi wa bala laukhondo la m'mphechepeche, osati la mimba ya mafinya.

Choncho njira yomwe mbiriyi ikuloza kwa zipatala zathu ili ndi ndondomeko yake. Choyamba ndi chomwe sichifuna ndalama zambiri: aliyense wotseka mimba, kaya ndi dokotala wamkulu kaya clinical officer wa kuboma, aphunzitsidwe misoko ing'onoing'ono, ayeze bala ndi ulusi, ndipo wamkulu asachoke ku fiyeta nembanemba isanatsekedwe. Kenaka ukonde wa nkhosi imodzi ndi mabowo aakulu uyesedwe pa odwala a chiopsezo chachikulu, kutali ndi matumbo, m'kafukufuku wa maere wochitikira kuno, chifukwa wodwala taifodi wa zaka 20 wowonda ndi njala si wofanana ndi wokalamba wonenepa wa ku Italy, ndipo bala likagwidwa ndi tizilombo munthu ali kumudzi, chipatala chili kutali. Siliva, tantalum ndi Marlex wa ku Louisville zonse zinkaoneka zopambana pa tsiku lotulutsa wodwala. Mavuto ake anadziwika ndi omwe anabwerera kukaona odwalawo patapita zaka. Kafukufuku wotere afunika kusunga manambala a foni, kugwira ntchito ndi alangizi a zaumoyo a m'midzi, ndi kuitana odwala patatha chaka ndiponso zaka ziwiri. Popeza pa opaleshoni yausiku chilolezo kawirikawiri amasainira ndi wachibale wodikirira, wodwalayo akatsitsimuka auzidwe m'Chichewa chomveka kuti m'thupi mwake muli ukonde, ndipo mtundu wake ndi malo omwe waikidwa zilembedwe m'buku lake la kuchipatala, kuti amene adzatsegule mimbayo kachiwiri, mwina pa chipatala china, adziwe chomwe mpeni wake ukumane nacho.